Tinaika Yotamu Popanda Nyimbo

Ndinadzuka tambala asanalire, mwera ukuwomba kuchokera kunyanja. Panja amuna anali atazungulira moto, ena akusinza. M'nyumba ya siwa munali zii. Usiku wonse palibe anaimba, chifukwa mng'ono wanga Yotamu anamwalira ali wodulidwa mumpingo.

Kalata yomudulayo ndinalemba ndine, monga mlembi wa mpingo, ndipo ndinasunga ina yofanana nayo m'sutikesi, pamodzi ndi makhadi anga onse a chipani. Mlandu tinalemba kuti mitala. Linali bodza. Msodzi mnzake atatengedwa ndi galimoto ya boma osabwereranso, mkazi wa msodziyo ndi ana atatu anasowa wowapatsa ngakhale moni. Yotamu anawamangira kanyumba kuseri kwa nyumba yake. Akulu a mpingo tinaopa, ndipo manthawo tinawapezera vesi.

Kutacha ndinapalasa njinga kupita kwa abusa kukapempha nyimbo imodzi yokha. Anandilandira bwino, nandiwerengera lamulo lomwe ndinkalidziwa kale pamtima. Ndinabwerako chimanjamanja.

Ndinapeza anthu atadzaza mpaka m'munda wa chinangwa. Asodzi a ku Dwambazi anabwera pa lole. Utsi wa pophikira mpunga unkalowa m'maso chifukwa cha mphepo. Amayi a mumpingo anabwera osavala yunifolomu, nakhala kumbuyo, milomo ili tseke. Mayi wa ana atatu uja anakhala payekha pansi pa mtengo wa mango. Wapampando wa chipani analankhula nthawi yaitali za umodzi ndi kumvera.

Bokosi litatuluka, Asilamu a ku boma anadzuka nalinyamula monga amachitira ndi jeneza pa maliro awo, kulandirana paphewa mofulumira kuti aliyense agwireko. Kunkamveka mapazi okha pamchenga. Mkulu wina wovala kofia anayenda pafupi nane.

"Bambo mlembi, inu muli ndi buku, ifenso tili nalo. Koma mayi uja tonse tinamudutsa. Malemuyu anaziphunzira kuti?"

Yankho ndinkalidziwa. Bambo athu atamira, ine ndi Yotamu tinagona nyengo yonse yozizira pansi pa mathandala oyanikira usipa, anthu akutidutsa popita kukapemphera. Ine ndinapita kusukulu ya mishoni ndi kuloweza mavesi. Iye anangokumbukira kuzizirako.

Kumanda anandipempha kuti ndipemphere monga mkulu wa banja. Ndinavula chipewa. Ndinaona akulu a mpingo awiri akundiyang'ana, wapampando ali pambali pawo. Ndinangoti, "Adzukulu, kwirirani."

Madzulo anthu anabalalika, mphepo inaleka. Ndinakhala ndekha pakhonde la malemu. Mayi uja anabwera nagwada chapatali, mwana wamng'ono ali kumbuyo.

"Bambo, ndimati ndimve kwa inu. Ife mawa tichoke?"

Ndinayang'ana kumsewu kaye ngati kukubwera munthu. Ndinamuuza kuti tikambirana kukacha. Anaomba m'manja pang'onopang'ono, nabwerera kuseri.