Khola la Fulu wa ku Gaika

Fuluyo anafika kwathu ku Rutendo ali m'thumba la ufa, lomangidwa pakaliyala wa njinga ya achimwene anga. Achimwenewo ankakumba golide ku Gaika pamodzi ndi makorokoza anzawo, anthu okumba golide paokha, ndipo kunyumba ankabwera mwa apo ndi apo, fumbi lofiira lili ndi m'makutu momwe. Anati anamupeza atagwera m'dzenje lakale losiyidwa, ali chagada, akupalasa m'mwamba. Anzawo ankafuna kumuwotcha, iwo n'kukana.

Atamukhuthulira pabwalo, tonse tinamuzungulira. Anali wamkulu ngati mbale yodyera, chigoba chake chachikasu chamawangamawanga akuda. Anakhala duu kwa kanthawi, kenako anasuzumira, n'kutulutsa khosi lamakwinya ngati la nkhalamba. Ine ndinali munthu wamkulu kale, wogulitsa tomato pamsika, koma ndinagwada pafumbi n'kumaseka ngati kamwana.

Amayi sanasangalale. Anati anthu a mulaini mwathu akamva kuti mnyamata wa kumgodi wabweretsa chamoyo m'thumba, anena kuti ndi chikwambo, kanthu kamankhwala koitanira chuma. Anati amubweze kutchire dzuwa lisanalowe. Achimwene anayankha kuti tchire la kumeneko ndi maenje okhaokha, akagweranso.

Amene anatidabwitsa ndi ababa. Chiimireni ntchito ku fakitale ya zitsulo, iwo ankangokhala pakhonde ndi wailesi yawo, kutuluka kwake kokha kupita ku mzikiti. Tsiku limenelo anazimitsa wailesi, anatsika pakhonde, n'kumunyamula fuluyo ndi manja awiri, kumuyang'ana kunsi ndi kumtunda.

“Ameneyu ndi mlendo,” anatero. “Timumangira pake. Ndipo timanga kumaso kuno, osati kuseri, kuti wofuna kuona chikwambo aone bwinobwino chikudya bonongwe.”

M'mawa mwake ndinangoona ababa atavala ovolosi yawo yakale imene inkanunkha m'sutikesi. Achimwene anali atabwerera kumgodi, choncho wothandiza ndinali ine, ndipo kumsika sindinapite. Tinasankha malo apansi pa mtengo wa gwafa, pamene dzuwa la m'mawa limafika koma masana pali mthunzi. Ababa anajambula malirewo pansi ndi chidendene, anaima n'kuyang'ana, anafufuta, n'kujambulanso okulirapo. Anati munthu woyenda pang'onopang'ono ndiye amafuna bwalo lalikulu.

Zipangizo tinachita kutolera. Kuseri kwa nyumba kunali njerwa zimene zinatsala pomanga chimbudzi, ndipo zina tinakapempha kwa mnzawo wa ababa wa kumzikiti, n'kuzikankha pawilibala yophwa tayala. Tinapeza waya wa khola lathu lakale la nkhuku, mapaipi adzimbiri, ndi theka la mgolo limene amayi ankasungiramo makala. Mgolowo amayi anaukaniza, koma ababa anawanyengerera mpaka anautulutsa okha.

Sindinawaonepo ababa akuyankhula kwambiri ngati tsiku limenelo. Chichewa, Chishona ndi Chilapalapa cha kuntchito zinkangotuluka pamodzi. Ndikabweretsa njerwa ankati faka lapa, kutanthauza kuti ika apa, ndikayala bwino ankati mushe sitereki, kutanthauza kuti zili bwino kwambiri, ndipo ndikapotoza mzere ankandiuza kuti fuluyo adzatiseka. Ndinkaponda dothi ndi mapazi, iwo akumata. Mgolo uja tinaugoneka chammbali pakona, tinaukwirira ndi dothi pamwamba kuti usamatenthe, m'kati n'kuyalamo udzu wouma. Chomwera madzi chinali chivundikiro cha poto wobooka, chimene tinachikumbira pansi kuti chilingane ndi nthaka. Ine ndinazula chisoso ndi bonongwe m'mbali mwa msewu n'kudzawokera m'katimo, ndinabzalanso nthanga za maungu.

Ana ochokera kusukulu anadzaza pampanda. Akuluakulu ankadutsa ngati ali paulendo wawo, koma khosi lili kwathu. Titamuika fuluyo m'kati, anayenda molunjika kukafika pakhoma, n'kuyamba kulitsata, kuzungulira khola lonse ngati kapitawo woyendera ntchito. Atafika pamadzi anaviika mutu nthawi yaitali. Ana anawomba m'manja, ababa nawo anavula chipewa n'kudzipepesera nacho mphepo, mano onse ali pamtunda.

Sipanapite masiku ambiri, ndinadzuka m'mawa ndi makoko a papaya m'manja n'kupeza m'khola muli zii. Pakona ina panali kadzenje kodutsa pansi pa njerwa. Ndinathamangira ababa, ndipo tinafufuza paliponse, m'maluwa, m'ngalande, ngakhale pansi pa minibasi yakufa ya pakhomo loyandikana nalo. Ngakhale amayi, amene ankati alibe naye ntchito, ndinawaona akuvundukula mulu wa nkhuni.

Amene anamupeza anali mayi wa nyumba yachitatu kuchokera kwathu, Mshona wolima ndiwo zamasamba, yemwe tinkamva kuti ndiye ankafalitsa nkhani ya chikwambo ija. Anafika atamunyamulira patali ndi thupi, m'beseni lochapira, nkhope ili gwa. Anati anamupeza pakati pa bedi la repu atadya mzere wathunthu. Amayi anayamba kupepesa m'Chishona, koma mayiyo anawadula.

“Chikwambo chanji chakuba repu?” anatero. “Ichi n'chimbuzi chabe chovala chigoba.”

Woyamba kuseka anali mayiyo, ife n'kutsatira. Ababa anamulonjeza mbande zatsopano, ndipo anamufunsa kuti, monga mlimi, angatani kuti chokumba pansi chisadutse. Mayiyo anati iye mfuko amazitchinga pokwirira malata akale m'nthaka. Madzulo ake anatumiza zidutswa za malata zimene zinkangokhala kuseri kwake.

Tinagwetsa mbali ina ya khoma n'kuyambiranso. Ulendo uno tinakumba ngalande yofika m'bondo kuzungulira khola lonse, tinaimikamo malata aja, n'kukwirira, njerwa n'kubwera pamwamba. Ababa anaona kuti fuluyo amakonda kukwera pamakona, choncho makona onse tinawapinda kuti akhale ozungulira. Achimwene atabwera Lachisanu anatipeza tili matope okhaokha, ndipo anati ngalande yathuyo ikuposa maenje ena a ku Gaika. Anavula malaya n'kutenga piki. Anabweretsanso mwala waukulu wafulati pa njinga, woti fuluyo aziwotherapo dzuwa, ndipo tinalimbana nawo atatu kuti ukhale pamalo pake.

Pomaliza ababa anapanga kachitseko ka mapaipi ndi waya, kokhala ndi mahinjesi a lamba wa tayala. Ankakatsegula n'kukatseka, kukatsegula n'kukatseka, kumvetsera ngati kakulira. Amayi anawafunsa ngati fuluyo azilandira alendo. Iwo anati kachitsekoko ndi kawo, chifukwa mawondo awo sangathe kudumpha khoma tsiku lililonse.

Fuluyo anayesa kukumba pakona pake paja, zikhadabo zinagunda lata, anaima n'kukhala ngati akuganiza, kenako anatembenuka kupita kukadya. Sanathawenso.

Mvula yoyamba itagwa chaka chimenecho, ndinali pakhonde ndi ababa. Fuluyo anatuluka mumgolo mwake mothamanga, mmene sitinamuonerepo, anaima pakati pa khola miyendo itatambasuka, chigoba chili m'mwamba, khosi lonse kunja, madzi akumutsika. Mawanga ake anawala ngati apakidwa mafuta. Ababa anaitana amayi kuti asiye zimene akuchita adzaone. Amayi anabwera ndi ambulera, ndipo atatufe tinapanikizana pansi pake m'mbali mwa khola, mapewa akunyowa, mpaka mvulayo inakata.