Phala la Apongozi

Chaka cha njala ija ndinapalasa njinga kuchokera ku Chikweo, kupititsa apongozi anga kuchipatala. Anali atapepuka moti ndinkafunsa odutsa ngati akadali pakaliyala.

Dokotala, mlendo kudera kwathu, anawapatsa phala, koma iwo sanalikhudze. Anawayeza pakhosi, m'mimba, mpaka m'makutu, osapeza chifukwa.

Mayi wina wokolopa anawafunsa, "Abambowa ndi ndani wanu?"

"Ndi akamwini anga."

"Ndiye mungadye pamaso pawo? Iyayi. Abambo, tabisalani."

Ndinabisala kuseri kwa kachitsulo kopachikapo diripi, ndipo ndikulumbira kuti sindinaoneke, poti nanenso ndinali nditaonda. Supuni inayamba kulira m'mbale. Dokotala analemba pakhadi kuti phala katatu patsiku, mkamwini panja.