Dalaivala Amene Tinamukana

Nthawi imeneyo ndinali kalaliki pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Nsanama. Lole yathu inalibe dalaivala, ndiye a manijala anaitana anthu awiri kuti adzafunsidwe mafunso. Patebulo tinakhala atatu: a manijalawo, a tcheyamani a chipani a m'deralo, amene sanali antchito athu koma panalibe wowaletsa kukhalapo, ndi ine wolemba zokambidwa.

Oyamba anali bambo a kwa Kalembo, Asilamu, ovala kofia yoyera. Anayendetsapo malole zaka zambiri ku Joni. Atapatsidwa kiyi analiza injini, kutchera khutu, n'kutsika kusuzumira pansi.

"Bwana, oilo akudontha. Mukanyamuka chonchi, ku Balaka simukafika."

Makanika wathu atayang'ana, anapeza kuti n'zoona.

Titalowa mu ofesi, a tcheyamani za galimoto sanafunseko.

"Khadi la chipani?"

Bambowo anatulutsa lawo, n'kuonetsanso la akazi awo.

"Nanga Lachisanu fodya azidikira inu muli ku mzikiti?"

"Iyayi, bwana. Ndikakhala pa ulendo ndimaswali pomwe ndaima. Katundu sachedwa."

Wachiwiri anali mlamu wawo wa a tcheyamani. Pobwezera lole m'mbuyo anagwetsa nsanamira ya chigafa, fodya n'kugwera m'fumbi. Mu ofesi anangomufunsa ngati kumudzi mvula yayamba, onse n'kumaseka.

Awiriwo atatuluka, a tcheyamani anati, "Wa kofia uja ngwodzimva. Tsiku loyamba lomwe akuuza bwana zochita? Ntchito ndi kumvana. Ameneuja simungamvane naye."

A manijala, amene anaona zonse ndi maso awo, anangoweramira tebulo. Kenako anandiuza kuti, "Lemba kuti woyambayo alibe ulemu."

Ndinalemba. Ndinali ndi ana atatu, ndipo masiku amenewo wotsutsa tcheyamani sankagona kunyumba kwake. Komabe dzanja linali langa. Nditatuluka ndinakalavula kuseri kwa ofesi.

Patapita miyezi, njinga yanga inaphulika tayala pa Ulongwe. Okonza njinga pansi pa mtengo wa mango anali bambo a kofia yoyera aja. Anandizindikira, n'kundilonjera m'chinenero chakwawo.

"Ajimwiche uli, achimwene? Kuntchito kuli bwanji?"

Ndinayankha kuti kuli bwino. Anamata chubu mosamala, n'kundikonzeranso mabuleki amene sindinawauze n'komwe. Nthawi yonseyo maso anga anali pa tayala. Kunkhope sindinathe kuwayang'ana.