Chiwongolero cha kagalimoto ka mwana wanga

Ndayendetsa boti la injini zaka zambiri pakati pa Nkope ndi Makanjira. Pa boti, ukafuna kukhotera kumanja umakankhira mkono wa injini kumanzere, ndipo manja anga anazolowera zimenezo.

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndinamukhomera kagalimoto kamatabwa ka mateyala a wilibala. Chiwongolero chake chinali ndodo imene ndinakhomera pa thabwa la mateyala akutsogolo, yoloza kwa woyendetsa. Nditakayesa pa mtsetse wa kuseri kwa mzikiti, kanandimvera bwinobwino.

Iye atakwera, anaona mlambe chakumanja, n'kukankhira ndodo kumanzere kuti authawe. Kagalimoto kanalunjika pamtengo pomwepo, dzino lakutsogolo la mwanayo n'kubenthuka.

"Ababa, kakukana kukhota!" analira.

"Wosadziwa ndiwe! Zoyendetsa si za atsikana," ndinamukalipira anzake akumva.

Panapita masiku ndisanazindikire kuti ndinapanga chiwongolero cha boti, osati cha galimoto. Ndinazula ndodo ija n'kumangapo zingwe ziwiri zowongolera, koma iye sanakwerenso, ndipo ine sindinapepese.

Lero ndi mayi wa ana atatu. Akamaseka amaphimba pakamwa ndi dzanja.