Mwini Mpando Wafika

Nang Choleng akhala akugulitsa nthochi zokazinga kuseri kwa bwalo la ndege ku Manila kuyambira ali mtsikana. Osesa, alonda, onyamula katundu, onse amadya kwa iwo. Koma ndege anali asanakwerepo, kwawo ku Bohol ankapita pa sitima ya pamadzi.

Mng'ono wawo Meding atamwalira, ine woyandikana nawo nyumba ndinawathandiza kulongedza kuti akakwere sitimayo. Kenako kunatulukira mkamwini wawo Boyet, wonyamula zikwama kukampani ina ya ndege, munthu wolongolola ngati wailesi.

"Nanay, mayi anga, sitima? Mukufuna mundichititse manyazi? Ife apantchito tili ndi tikiti ya achibale, yotchipa zedi. Mumangodikira pakhomo, wina akapanda kubwera, mpando ndi wanu."

"Nanga onse akabwera?"

"Aaa Nanay, Mfilipino anayamba wasungapo nthawi?"

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti unali mwezi wa Meyi. Ngakhale mwana amadziwa kuti mu Meyi aliyense wa ku Bohol amathamangira kwawo kuzikondwerero za oyera mtima. Ndege iliyonse inali yodzaza. Komanso pa anthu odikirawo amayamba kuitana achibale a mabwana, apongozi a wonyamula zikwama amakhala kumapeto. Zimenezi chitsiru chija sichinanene.

Sitima inapita. Nang Choleng anakhala pabenchi ndege zikunyamuka, mawa lake chimodzimodzi, tsiku linalonso chimodzimodzi. Kumudzi anasuntha tsiku loika maliro kuti adzaone nkhope ya mbale wawo, mpaka wansembe anati sangadikirenso. Boyet foni anali atathimitsa, wamantha wachabechabe.

M'mawa wa tsiku loikalo dzina lawo linaitanidwa. Anakwera, anamanga lamba, n'kuimba foni kumudzi: "Ndili m'ndege! Musatseke bokosi, ndikubwera!"

Chitseko chisanatsekedwe kunalowa bambo wina ali wefuwefu, wa tikiti yolipira mtengo wonse. Mtsikana wogwira ntchito m'ndegemo anawerama mwaulemu.

"Pepani Nanay, mwini mpando wafika."

Anawatsitsa anthu onse akuona. Ine amene ndinawaperekeza anandipeza ndidakali panja, chikwama chawo chili m'manja. Ine ndinayamba kutukwana Boyet, kampani yake ndi ndege zake zomwe, koma iwo anandigwira mkono kuti ndikhale chete, n'kuimbanso foni.

"Tsekani bokosilo, musandidikire," anatero. "Koma musanatseke, wina amugwire pamphumi, amuuze kuti ndi Choleng."