Dzina la Halyna pansi pa ayisi

Alamu anga, a Orest Hryciuk, moyo wawo wonse anathera kuzungulira malo amodzi ngati mbuzi ya pachingwe. Anayamba ntchito pa bwalo la ayisi la tauni yathu ya Vesna, kuno ku Saskatchewan, makina osalaza ayisiyo asanabwere. Kalelo masewero a hoke, aja othamanga pa ayisi ndi ndodo, akaima, amuna asanu ankalowa ndi mafosholo kuchotsa zimene nsapato za osewera zakanda, kenako n'kukoka mgolo wa madzi otentha wokhala ndi chiguduli kumbuyo. Makina atafika, anayi anauzidwa kuti akapume. A Orest anatsala chifukwa ankadziwa thirakitala.

Chimakinacho ankachikonda, ngakhale kuti chinadyera anzawo ntchito. Pansi pake pali chimpeni chachitali chopala ayisi, zopalazo zimakwera m'bokosi, ndipo kumbuyo kumatsika madzi otentha amene thaulo limayala bwinobwino. "Ndimameta, ndimasambitsa, ndimapukuta," ankatero. "Kasitomala wanga ndi mmodzi yekha, koma zikomo sanandiuzepo."

Mathaulowo ankachapa ndi Halyna, mkazi wawo, mkulu wanga. Ankachapanso malaya a timu, ndipo ine ndi iye tinkagulitsa khofi pa kawindo ka bwalolo. Palibe anamulipirapo, ndipo nayenso sanafunsepo, chinthu chimene ndimamukwiyira nacho mpaka lero.

Kwathu kuno tinali ndi mwambo. Chaka chilichonse poyala ayisi watsopano, akatha kujambula mizere yofiira ndi yabuluu, pafupi ndi chipata ankalembapo mayina a anthu omwalira amene anatumikira bwalo, kenako n'kuthira madzi pamwamba mpaka mayinawo atsekereke mkati. Halyna atamwalira, a Orest analemba okha dzina lake ndi penti wabuluu, atagwada. Kuyambira pamenepo, akafika pachipata ankachepetsa liwiro n'kugwira chipewa.

"Madala, fulumirani! Mwagona kodi?" anyamata ankakuwa m'mipando.

Chaka chathachi, nyengo ya masewero ili pakati, wapampando wa komiti ya bwalolo, Brent Tollefson, anabwera pakawindo panga pomwe a Orest ankamwa khofi. Anati kampani ina ya feteleza ikonza denga, koma ikufuna chizindikiro chake pansi pa ayisi, pachipata pomwepo, poti m'pamene anthu amayang'ana. Penti sapaka pamwamba pa ayisi. Pamafunika kupala mpaka kufika pa penti wakale, n'kumuchotsa. Ndipo woyendetsa makina m'tauni yonse anali mmodzi.

"Bambo Hryciuk, denga likudontha, mukudziwa inunso," anatero Brent. "Akufa saona kanthu."

"Amayi ako alinso pomwepo, iwe Brent."

"Amayi akanamvetsa."

"Akanakuwomba khofi lenileni, osati ili lakumwali ayi, la m'khutu," ndinalowererapo ine. Iye anangoseka, n'kutenga kapu yake osalipira, monga mwa masiku onse.

Atachoka ndinati, "Alamu, kanani! Akaitane munthu wa tauni ina, achite yekha zonyansa zakezo."

A Orest anazunguza kapu m'manja. "Wobwera adzangodutsapo akuimba mluzu, mlamu. Bola ndichite ine."

Anachitadi, Lolemba m'mawa bwalo lili lopanda anthu. Anatseka madzi, anatsitsa chimpeni, n'kuyamba kudutsa pachipata mobwerezabwereza. Ine ndinali pakawindo, ndikuonerera. Poyamba zopalazo zinkakwera zoyera. Kenako zinayamba kukwera zabuluu. Chipewa sanachigwire tsiku limenelo, manja onse awiri anali pachiwongolero.

Zopala zonse zimakatayidwa kuseri kwa bwalo, pafupi ndi poimika magalimoto. Nthawi yonse yozizira mulu wabuluuwo unali pomwepo, ndipo a Orest ankakatayira patali zopala zatsopano kuti asaukwirire. Nyengo itatha anasiya ntchito. Komiti inawathokoza ndi jekete lokhala ndi dzina la kampani ya feteleza kumsana. Anthu anaomba m'manja, amanyazi pakati pawo panalibe ndi mmodzi yemwe.

Mu Epulo kunayamba kufunda. Tsiku lina ndikupita kukatseka kawindo kanga, ndinaona mulu uja ukusungunuka, madzi abuluu akuyenderera kulowera kumene magalimoto amadutsa. A Orest anali pomwepo, opanda jekete lija, ali ndi fosholo yakale imene anayambira nayo ntchito. Ankakumba kangalande m'matope kuti madziwo akhotere ku udzu. Msana unali utawerama, mpweya ukuwavuta.

"Alamu, mudwala nazo izi. Tiyeni kunyumba."

"Halyna ali pansi pa ayisi palibe ankamukhudza, ngakhale ankadutsa pamwamba pake tsiku lililonse," anatero osadzutsa mutu. "Ndamutulutsa ndine. Ndiye ndimusiye apondedwe ndi matayala?"

Ndinaika chikwama pansi n'kukatenga fosholo ina. Tili mkati mokumba, galimoto ya Brent inatulukira pakona. Anatiimikira dzanja mwaulemu ndithu, n'kudutsa pakati penipeni pa madziwo.