Ndinakaniza foni ya malemu mwana wanga

Cholakwa changa n'chakuti ndinaumira foni ya mwana wanga atamwalira. Sindinabe kanthu, koma kuumira kwangako kunagwetsa ntchito imene mwanayo anaivutikira zaka zitatu, ndipo kunapweteketsa amayi anzanga amene ambiri sindiwadziwa n'komwe. Inu owerenga, sukulu ndinalekezera Sitandade 5, ndiye za makompyuta ndizifotokoza mmene ndinazimvera ine. Ndikaphonya penapake mundikhululukire, koma nkhaniyi muimve.

Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Area 14, kwa banja lina la amwenye limene lili ndi holoselo ku Old Town. Ndimakhala m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba yaikulu, ndipo ndi mmene ndinalerera mwana wanga mmodzi yekhayo, Tiyamike. Bambo ake anatisiya iye ali wakhanda. Tiya anabadwa ndi vuto la mtima, sankathamanga ngati anzake, choncho nthawi yambiri ankakhala pansi ndi mabuku. Adona ndi amene anamupatsa laputopu yakale ya mwana wawo, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanaisiyenso.

Atamaliza koleji, iye ndi mnzake wa m'kalasi, Chisomo, anapanga pulogalamu yokumbutsa amayi tsiku la sikelo ndi la katemera wa ana. Mayi akalembetsa nambala yake kuchipatala, uthenga unkabwera pa foni yake m'Chichewa kutatsala masiku awiri. Zipatala zing'onozing'ono zingapo zinavomera kuigwiritsa ntchito. Ofesi analibe. Chisomo anali pa ntchito ina ku City Centre, pomwe Tiya ankagwirira pa tebulo langa lodyera.

Poyamba pansi pa tebulolo panali chikompyuta chakale, ntchito yake kuyesa. Tiya anandifotokozera kuti telala wa pakhonde akasoka diresi sapereka kwa mwini wake asanaone ngati zipi ikutseka ndiponso msoko wagwira. Iwonso akasintha kanthu kakang'ono mu pulogalamu, yonse imayenera kuyesedwa kaye, chifukwa ukakonza apa, pena pamang'ambika. Chikompyutacho chinkachita zimenezo, koma movutikira. Magetsi akazima zonse zinkaima. Fumbi likalowa chinkalira ngati chigayo. Tsiku lina ndikukolopa ndinazula chingwe chake osadziwa, Chisomo n'kumadikira yankho ku ofesi kwake mpaka kuweruka.

Ndiye anasamukira ku chimene ankachitchula kuti kilaudi. Nditafunsa kuti n'kuti kumeneko, Tiya anati ndi makompyuta a kampani ina ya kunja, amene umabwereka kudzera pa intaneti, iwe osawaona. Ukangosintha kanthu, iwo amatenga n'kuyesa zonse okha. Zikakhala bwino amaonetsa chizindikiro chobiriwira n'kulola pulogalamu yatsopanoyo kukayamba ntchito. Zikalakwika amaonetsa chofiira n'kuitsekereza, kuti cholakwikacho chisafike kwa anthu.

Sindinama, zinali zabwino. Magetsi azime kuno, kumeneko ntchito inkapitirira. Ankatha kuona zotsatira ali mu minibasi. Masiku amene mtima unkamuvuta ankagwira ntchito chogona, osaweramiranso pansi pa tebulo. Awiriwo anasiya kukangana za amene waononga, poti makinawo ankanena okha pamene palakwika. Tsiku limene tinatulutsa chikompyuta chija, iye anaseka n'kunena kuti, "Mayi, tsopano kolopani mwaufulu, palibenso choti muzule."

Koma panali chinthu chimodzi chimene sitinachiganizire. Zonsezo Tiya analembetsa m'dzina lake lokha. Mawu achinsinsi otumizira mauthenga ndi mndandanda wa manambala a amayi, zonse zinali m'menemo. Chisomo ankatha kutumiza zimene wasintha kuti ziyesedwe, koma kulowa mkati mwenimweni ankalowa ndi Tiya yekha, ndipo polowa pankafunika kanambala kachinsinsi kamene kankabwera pa laini ya foni yake. Ankanena kuti adzakonza akapeza mpata. Wachinyamata saganiza za imfa, ngakhale akhale wodwala mtima.

Anamwalira mu Juni, kukuzizira, atagona m'chipatala masiku anayi. Pamenepa sindifotokoza zambiri. Tinakaika kwathu ku Mitundu. Chisomo anagona nane pa mphasa masiku onse a maliro, ankatunga madzi ngati mwana wa pamudzi. Pogawa katundu, zovala zinapita kwa asuweni ake, mabuku ndi makope kwa ana a achimwene anga. Laputopu anatenga achimwenewo n'kukaifufutitsa kuti ana awo aziphunzirira. Ine ndinangopempha foni.

Nditabwerera ku Area 14 ndinaitchaja kuti ndizionako zithunzi. M'mawa mwake ndikutereka madzi a tiyi, foniyo inalira. Nditayang'ana ndinapeza chizindikiro chobiriwira, dzina la Tiya lili pambali pake. Paja anakonza zoti makina aja aziyesa pulogalamu m'mawa uliwonse, ngakhale pasakhale wosintha kanthu, ndipo foniyo inkalumikizika yokha ku intaneti ya m'nyumba yaikulu. Ndinakhala pansi mpaka madzi anaphwera. Ndine Mkhristu, sindikhulupirira zoti akufa amatumiza mauthenga. Ndinkadziwa kuti ndi makina. Koma pa zonse zimene mwana wanga anaziyambitsa ndi manja ake, ichi chokha ndi chimene chinkabwerabe pakhomo panga. Ndinayamba kudzuka ndikuchiyembekezera, ndipo chikafika ndinkapeza mphamvu zokasesa.

Patatha masabata atatu Chisomo anabwera ndi shuga ndi buledi. Tinacheza, tinalira, kenako ananena chimene anadzera.

"Amayi, ndibwerekeni foniyo ola limodzi, inu muli pompano. Ndisamutse za ntchito zibwere m'dzina langa."

"Ukasamutsa itsala bwanji?"

"Za ntchito zonse zichoka. Itsala ndi zithunzi zanu zokha, palibe chimene chikusokonezeninso."

Iye ankaona ngati akundithandiza. Ine chimene ndinamva n'chakuti kauthenga ka m'mawa kaja kasiya kubwera. Inu owerenga, apa ndi pamene ndinalakwa. Ndinachita manyazi kunena kuti mayi wamkulu ngati ine ndikukhalira moyo kauthenga ka makina. Ndiye ndinatola mawu a achimwene, amene kumudzi anandichenjeza kuti anthu a m'tauni adzamudyera mwanayo. Ndinamuuza Chisomo kuti za katundu wa malemu sindingapange ndekha, ndifunse kaye abale. Sindinafunse munthu aliyense.

Anabweranso kachiwiri, ndinati abale sanayankhe. Ulendo wachitatu anandifotokozera modekha kuti zinthu zimenezi zili ngati nyumba ya lendi, zimafuna munthu woti aziyankha eni ake akagogoda. Ine poona kuti ndasowa pothawira ndinamuuza kuti, "Mnzako wangogona kumene, iwe maso ali kale pa zake." Anaimirira. Anatola chikwama chake, anandigwadira potsanzika ngati kale, ndipo ndinamuona akupukuta maso pa geti. Sanabwerenso. Ndinamva pambuyo pake kuti analembera kampani ija kangapo, koma ankamuyankha kuti popanda kanambala kaja sangamutsegulire, poti sakumudziwa. Chitetezo chomwecho chimene chinkatsekereza akuba chinamutsekerezanso iye.

Miyezi imeneyo pa foni pankabweranso makalata ataliatali a Chingelezi, opanda chizindikiro chilichonse. Ndinkangowadutsa. Anali machenjezo akuti kampaniyo ikuchotsa makina ake akale, ndipo aliyense akonze zake tsiku lochotsalo lisanafike. Ili ndiye vuto la chinthu cha eni ake. Akafuna kusintha amasintha, sadziwa kuti kwanu kunagwa maliro.

Mu Novembala chizindikiro chinabwera chofiira. Mawa lake chofiiranso. Ndinadziwa tanthauzo lake, Tiya anandiphunzitsa, koma ndinkadziuza kuti chikonzeka chokha. Kupita kwa Chisomo ndinkaopa chifukwa cha mawu amene ndinamulankhula. Ndinakhala choncho masabata atatu, osadziwa kuti mawu achinsinsi otumizira mauthenga nawonso anali atatha kale nthawi yake, mauthenga a amayi atasiya kupita, ndipo panalibe wolowa kuti aikemo atsopano.

Amene ananditsegula maso ndi Nambewe, mkazi wa bambo wosamalira maluwa pa nyumba yomweyo. Anamulembetsa ndi Tiya mwini wake, mwana wake ali ndi sabata imodzi. Tsiku limenelo anafika kuchokera kusikelo thukuta lili kamukamu, mwana kumsana, n'kukhala pa khonde langa.

"Andikalipira anamwino lero pamaso pa anthu. Ati ndadumphitsa katemera mwezi wathunthu. Nanga ine ndimadalira kauthenga kaja, kanangosiya osatsanzika. Simukudziwa chachitika, mayi a Tiya?"

Foni inali m'thumba la epuloni yanga, ndinkaimva kulemera kwake pa ntchafu. Mwana wa Nambewe anali bwino, ankasewera ndi ndolo za amake. Koma ndinaganiza za amayi ena onse amene anasiya kuwerenga masiku chifukwa chokhulupirira mwana wanga.

M'mawa mwake ndinapempha adona, ndinakwera minibasi ya ku City Centre. Chisomo anatsika mu ofesi, tinakhala pa benchi pansi pa mtengo pafupi ndi poimika magalimoto. Ndinamupatsa foniyo ndi manja awiri. Za mawu aja sanatchule. Anatsegula laputopu yake, analemba zolemba, tinayamba kudikira kanambala. Sikanabwere. Anayesanso, sikanabwere. Anayang'anitsitsa pamwamba pa foniyo n'kundifunsa kuti mayunitsi ndinaikamo liti. Ndinali ndisanaikemo chiikireni maliro. Sindinkaimbira munthu, ndipo poti mauthenga a m'mawa ankabwera ndithu kudzera pa intaneti ya abwana, ndinkaona ngati zonse zili bwino. Laini inali itatsekedwa kalekale.

Tinapita ku kampani ya mafoni ndi chikalata cha imfa. Anatilandira bwino, koma anati nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito imaperekedwa kwa wina, ndipo iyi inali itapita kale. Chisomo anakumbukira kuti pamakhala manambala ena apadera amene munthu amalemba papepala kuchitira tsiku ngati limeneli. Ndinaimbira achimwene za makope aja. Anati ana analemberamo masamu, ena anayatsira moto.

Chinatsala n'chimodzi, kupempha mwini nambala watsopanoyo kuti kanambalako kakafika atiwerengere. Ndinati ndiimba ndine. Nambala ya Tiya ndi yokhayo imene ndimaidziwa pamtima. Inaitana katatu, kenako kunayankha bambo wa mawu aakulu, kumbuyo kwake kukumveka phokoso la pamsika. Ndinayamba kufotokoza kuti nambalayo inali ya malemu mwana wanga, kuti pabwera kauthenga, atithandize. Sanadikire kuti ndimalize.

"Mayi, ndinu wachitatu sabata ino. Winayo anati mwana wake ali m'chipatala. Kaberenitu ena, ine ndilibe kanthu."

Anadula. Titayesanso anali atatitsekera. Sindimuda bamboyo. Pa wailesi amatichenjeza tsiku ndi tsiku kuti tisamapereke manambala otere kwa anthu osawadziwa, ndipo ine ndikanachita chimodzimodzi.

Tili pa siteji kudikira minibasi ndi pamene ndinamuuza Chisomo chifukwa chenicheni chimene ndinkakanira. Anandigwira dzanja nthawi yaitali.

"Amayi, mukanangondiuza. Ndikanasiya kuti uthengawo uzibwerabe kwa inu. Zinali za mphindi imodzi."

Mawu amenewo amandipweteka mpaka lero kuposa a bambo uja.

Pulogalamu yeniyeniyo sinatayike, Chisomo anali nayo pa laputopu yake. Anayambiranso kumanga zonse, ndipo zinamutengera miyezi iwiri, akugwira Loweruka ndi Lamlungu. Ndinamufunsa ngati sikwabwino kubwerera ku chikompyuta cha pansi pa tebulo, chimene munthu umachiona ndi maso. Anati ayi, kilaudi sinalakwe kuyesa, cholakwika chinali kusiya chitseko ndi munthu mmodzi. Tsopano olowa alipo atatu, pepala la manambala apadera lili mu envulopu kwa mlongo wake, ndipo mndandanda wa amayi amausunganso kuno sabata iliyonse. Koma mndandanda wakale uja unatsekeredwa komweko, sunabwerenso.

Inu amene mumagwira ntchito zoterezi, makina obwereka ndi abwino, ndinaona ndi maso anga mmene anapeputsira mwana wanga wodwala. Koma dzifunseni lero kuti mutagona m'chipatala mawa, ndani wina angalowe. Musati mudzakonza mukapeza mpata. Makalata a eni makinawo azifika kwa anthu awiri, ndipo chimene simungathe kuchipezanso muzisungeko kwanu. Inunso anamfedwa anzanga, foni ya malemu si chithunzi chongopachika, mwina muli zinthu za anthu amoyo. Wina akabwera kudzapempha, mufunseni bwino, mukhale naye pomwepo, koma musamubisire chimene mukuopa. Chisoni si chochititsa manyazi. Ine ndinachibisa kuseri kwa mawu oipa, ndipo anavutika ndi ana osalakwa.

Masiku ano Lachinayi, tsiku langa lopuma, ndimapita kusikelo ndi kope la Chisomo kukalembanso manambala a amayi. Ndimalemba pang'onopang'ono, koma manambala sindiphonya. Ena amanyinyirika, amati analembetsa kale kwa mtsikana wina woonda, womwetulira. Ndimawayankha kuti munalembetsadi mayi, anali mwana wanga, nambala yanuyo ndine ndinaitaya, ndipatseninso.